Kalata ya Opaleshoni Imene Inabisidwa

Kuno kuchigwa, mayi wachitsikana akayamba kutupa mapazi, kutsokomola usiku ndi kupuma mwawefuwefu atangosenza ndowa imodzi, akuluakulu sachedwa kutchula dzina la matenda. Amati ndi tsempho. Maso amatembenukira kwa mwamuna, kuti kapena wayenda njira zosayenera, kapenanso kwa amene anathira mchere m'ndiwo nthawi yolakwika. Ena amaloza dzuwa: ndani sabanika ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala, kutentha kukapyola madigiri 40? Mtima umatchulidwa pomalizira, ndiponso monong'ona, chifukwa ambiri a ife tinakula tikukhulupirira kuti mpeni ukakhudza mtima, munthu sadzukanso.

Msuweni wanga wa ku East Bank, cha kwa Makhuwira, anapatsidwa mayina onsewa. Dzina lake ndilisunga, pakuti ana ake alipo ndipo akukula. Nkhani yake ndikuifotokoza chifukwa mwayi umene anthu ambiri amamwalira akuudikira, iye unamufikira m'manja, koma mantha anali atamugwira kale.

Chiyambi cha matendawa palibe anachiona. Ali ku pulayimale ankadwaladwala zilonda zapakhosi, ndipo mankhwala ake anali panado wa paokala ndi madzi ofunda a mchere. Chaka china anagona masabata angapo thupi likutentha, mawondo atatupa. Ululu unkasamuka: lero bondo, mawa kakolo, mkuja chigongono. Agogo anati ndi nyamakazi, anamutema mphini, ndipo m'kupita kwa masiku anadzuka n'kubwerera kusukulu. Tonse tinayamika kuti zatha.

Koma apa m'pamene zinayambira. Zilonda zina zapakhosi zimabwera ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus wa gulu A. Thupi likamalimbana naye, mwa ana ena chitetezo chimasokera, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu chimayamba kuukira molumikizana mafupa ndi mtima womwe. Madokotala amati rheumatic fever, ndipo imakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Mawondo amachira osasiya chipsera. Mavalavu a mtima ndiwo amasunga chipsera, ndipo mwana akadwalanso pakhosi chipseracho chimakula, mwakachetechete, kwa zaka 10 kapena 20. Jakisoni mmodzi wa penisilini, kapena mapiritsi a masiku 10, akanatseka njira yonseyi pachiyambi pomwe.

Si matenda a anthu ochepa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, ataunika ana 1,450 a m'boma la Lilongwe ndi makina ounikira mtima otchedwa echo, anapeza zizindikiro za matendawa mwa ana opitirira 3 pa 100 aliwonse, ana ooneka athanzi. Padziko lonse amapha anthu pafupifupi 300,000 pachaka, ndipo mu 2018 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti maiko alimbane nawo. Bakiteriyayu amafala pamene anthu akugona mopanikizana. Amene anaona makalasi a sukulu atasanduka misasa pa madzi osefukira a mu 2015 ndi 2019, ndiponso pa namondwe wa Ana ndi wa Freddy, ana atagona mutu ndi mutu pasimenti, angamvetse chifukwa chake ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje sitiyenera kupeputsa chilonda chapakhosi.

Msuweni wanga anakwatiwa, nabereka mwana woyamba popanda chodandaulitsa kwenikweni. Pathupi pachiwiri m'pamene zinaululika. Mayi woyembekezera magazi ake amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo valavu yowonongeka imalephera kuwadutsitsa onse. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri sankathanso kugona chagada. Ankachezera atatsamira khoma, akusakasaka mpweya. Kusikelo, wachipatala wina atamvetsera pachifuwa anamva phokoso losayenera, ndipo anamulembera kalata yokwera mtunda, kudutsa pa Thabwa mpaka ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina a echo anaonetsa kuti valavu ya mitral, imene imakhala pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere kwa mtima, inali itauma. Sinkatseguka mokwanira, komanso sinkatsekeka mokwanira.

Aliyense amene anapopapo mjigo wotha labala akudziwa mmene zimakhalira: umapopa mpaka thukuta kamukamu, madzi akungobwerera pansi, ndowa osadzaza. Mtima wa valavu yotere umagwira ntchito yomweyo ka 100,000 patsiku, osapumula. Magazi olephera kudutsa amadzadzana m'mapapo, ndiko kubanikako; kenako amadzadzana m'chiwindi ndi m'miyendo, ndiko kutupako. Mankhwala amapepuza katundu, koma valavu youma sibwerera mwakale. Imafunika kukonzedwa kapena kusinthidwa.

Anabereka bwino, madokotala akumuyang'anira. Anamuyambitsa jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi, anamupatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, anamulangiza kuti alere, ndipo dzina lake linalembedwa pa mndandanda wa ofunika opaleshoni. Mndandanda umenewu ndi wautali. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika kusinthidwa valavu akhala akutumizidwa kunja, ambiri ku India kudzera ku Unduna wa Zaumoyo kapena anthu akufuna kwabwino, ena ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam. Posachedwapa chipatala cha Blantyre Adventist chayamba kuchita maopaleshoni otsegula mtima mothandizana ndi akatswiri ochokera kunja, koma ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa malo. Ena amadikira zaka. Dzina likatuluka, ndi chinthu chogwira ndi manja awiri.

Lake linatuluka. Tsiku lina atapita kukaonedwa, anamupatsa kalata: akonze pasipoti, akaonetse mano ake kwa dokotala wa mano, apeze m'bale womuperekeza, abwerenso pa tsiku lakuti. Iye anagwada pang'ono monga tinaleredwera, nati, "Zikomo adokotala, ndamva." Sanafunse funso ngakhale limodzi. M'minibasi potsika mapiri anaipinda kalatayo, anaikulunga m'kajumbo, ndipo atafika kunyumba anailowetsa pakati pa Baibulo. Amuna ake, amene ankapalasa kabaza, atamufunsa za ulendo, anayankha kuti, "Akuti tidikirebe, bambo." Lamya ikalira ndi nambala yachilendo, sankayankha.

Chimene chinamusocheretsa kwambiri n'chakuti ankapezadi bwino. Mapiritsi ochotsa madzi anagwira ntchito yawo: mapazi anaphwa, anayamba kugona chagada, anabwereranso kudimba. Pa nthawi yomweyo anayamba kupita kumapemphero a usiku kwa mneneri wina, amene anamuika manja nalengeza kuti mtima wachira. Thupi linkaoneka ngati likuvomereza. Ine sindinyoza pemphero. Odwala ambiri amene analowa m'chipinda cha opaleshoni molimba mtima analowa atapemphereredwa. Koma amene wanena kuti mtima wachira alole kuti makina a echo akaone, pakuti choonadi sichiopa kuunikidwa. Msuweni wanga sanabwerere kukaunikidwa. Anasiyanso jakisoni wa penisilini. Jakisoniyo ndi wowawa, n'zoona, koma chifukwa chenicheni chinali china: namwino ankamufunsa mwezi uliwonse kuti za ulendo zafika pati.

Kalata inapezeka mu Marichi 2023. Madzi a Freddy atalowa m'nyumba n'kuphwa, amuna ake ankayanika padzuwa zimene zinapulumuka, ndipo kajumbo kanagwa kuchoka m'Baibulo. Sadziwa bwino Chingerezi, koma tsiku lolembedwa pakalata analiwerenga, ndipo linali litadutsa kalekale. Msewu utatseguka anandiitana kuti ndikawawerengere zonse. Tinakhala pansi pa mtengo, msuweni wanga ali chapatali, atazolika.

"Mayi a ana, munandibisiranji?" anafunsa amuna ake. Sanakweze mawu.

Msuweni wanga anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. "Asuweni, inu munapita kusukulu, tandiuzani. Akuti amaimitsa mtima. Nanga mtima ukaima, munthu ameneyo si wafa?"

Funso limeneli analisenza yekha nthawi yonseyo. Litatuluka, enanso anatsatira. Ankaopa kufera kudziko la eni, ana osadziwa pamene pali manda a mayi awo. Anamva pamjigo kuti kunjako amachotsa impso za anthu osauka ali m'tulo. Ndipo amene akukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinasautsa maboma akummwera mu 2017 akudziwa mmene nkhani zotere zimamerera msanga pakati pathu. Ankaopa kuti amuna ake agulitsa njinga ndi mbuzi, iye n'kumwalirabe, banja n'kutsala chimanjamanja. Chomalizira anachinena motsitsa mawu: akabwera ndi chipsera pachifuwa, atauzidwa kuti asaberekenso, banja lidzakhalapo?

Amuna ake anangoti, "Ana awiri ndi ana. Ine ndimafuna inu." Mawu amenewa akanamveka kale akanafunsidwa.

Palibe limodzi mwa mafunso amenewa limene lili lopusa, ndipo lililonse lili ndi yankho. Mtima amauimitsadi, koma magazi saima. Asanauimitse, amalumikiza munthu ku makina amene amalandira magazi, kuwapatsa mpweya, n'kuwapopera m'thupi lonse, mpaka ku ubongo. Makina amenewa si atsopano: dokotala John Gibbon anawagwiritsa ntchito bwinobwino koyamba ku Philadelphia mu 1953, ndipo mu 1960 Albert Starr anaika valavu yopanga anthu m'malo mwa mitral, wodwala n'kukhala moyo zaka zambiri. Mtima amaugoneka ndi mankhwala kuti dokotala asoke pamalo osagwedezeka, ndipo akamaliza amabwezeretsa magazi ofunda. Nthawi zambiri umayamba wokha kugunda. Ukachedwa, amaudzidzimutsa ndi kamagetsi kochepa. Ntchito yonse imatenga maola atatu mpaka asanu, wodwala ali m'tulo ta mankhwala, osamva kanthu, dokotala wogonetsa ali pamutu pake kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kodi alipo amene sadzuka? Alipo, ndipo wokuuzani kuti palibe akukunamizani. Magazi amatha kutayika kwambiri, bala limatha kulowa tizilombo, ena amachita sitiroko. Koma m'zipatala zozolowera ntchitoyi, mwa anthu 100 osinthidwa valavu imodzi nthawi ikadalipo, oposa 90 amabwerera kwawo. Chiwerengero chimenechi chiyenera kuikidwa pambali pa chinzake chimene mantha satiuza: valavu youma kwambiri ikasiyidwa, mapeto ake ndi amodzi, ndipo mwezi uliwonse wozengereza umachepetsa mwayi wa opaleshoni yomweyo. Za impso, opaleshoni ya mtima imachitika pachifuwa, pamaso pa gulu la madokotala ndi anamwino, ndipo wokayika angathe kuunikitsa impso zake atabwerera. Za maliro a kunja ndi za ndalama, amene akutumiza wodwala ali ndi yankho la chimene amalipira ndi chimene salipira. Chofunika n'kufunsa ulendo usanayambe, pamaso pa mboni.

Msuweni wanga anavomera kubwerera ku Blantyre, ndipo nthawi iyi anapita ndi amuna ake. Madokotala anamulandira osamudzudzula. Koma echo inaonetsa mtima wina. Chipinda chapamwamba chakumanzere chinali chitafufuma, mitsempha ya m'mapapo inali itapanikizika kwambiri, mbali yakumanja ya mtima inali itatopa, ndipo kagundidwe kanali kosalongosoka. Kagundidwe kotere kamachititsa magazi kuundana mkati mwa mtima. Anamuyambitsa mankhwala oletsa kuundanako, anamubwezera pa penisilini, ndipo dzina lake linalembedwanso. Malo ake akale anali atapita kwa wina, monga kunayenera. Akudikira, mmawa wina anadzuka mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, pakamwa patapotoka. Kachibuluma ka magazi kanali katachoka mumtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Madokotala anati m'thupi lotere opaleshoni ikhoza kumupha patebulo; ayambe wapezako mphamvu. Mphamvuzo sizinabwere. Anatisiya chaka chotsatira, asanakwanitse zaka 30.

Pamaliro anthu ena ankanong'onezana kuti anadzipha yekha ndi mantha. Ine mawu amenewo ndimawakana. Mantha ndi a munthu aliyense wouzidwa kuti chifuwa chake chidzatsegulidwa. Amene sakuopa ndiye kuti sanamve bwino. Chimene chinamupweteka n'chakuti mantha ake analibe pofikira. Tinaleredwa kuti dokotala safunsidwa, mwamuna sadandaulitsidwa, wokhulupirira sakayika. Ndipo wodwala akangoyamba kutsegula pakamwa, achibale timamutseka ndi mawu okoma akuti, "Musaope, Mulungu alipo." Mawuwa ndi oona, koma akanenedwa msanga amamuuza wodwala kuti asapitirize. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwala wotere amafunika womufunsa kuti, "Chikukuopsani kwenikweni n'chiyani?" kenako n'kukhala chete mpaka yankho litatuluka lonse.

Ndinamvetsa bwino zimenezi nditacheza ndi mnyamata wina wa ku Bangula amene anasinthidwa valavu ku India. Mukakhala naye pafupi pamalo a zii, mumamva kakuti tiki, tiki, tiki m'chifuwa mwake. Anandiuza kuti iyenso anaonda ndi mantha, moti nsima sinkalowa. Chimene chinamusintha n'chakuti namwino wina anamukumanitsa ndi mayi amene anachitidwa kale opaleshoniyo. Mayiyo anamuonetsa chipsera, namufotokozera zonse mosabisa: kuti adzadzuka m'chipinda cha odwala mwakayakaya ali ndi chubu pakhosi, osatha kulankhula kwa maola angapo, kuti padzakhala machubu ena otulutsa madzi pachifuwa, kuti makina adzakhala akulira mbali zonse ndipo kulirako sikutanthauza ngozi, kuti kutsokomola kudzawawa, koma akakumbatira pilo kudzapepuka, kuti pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu adzamuimiritsa kuti ayende.

"Achimwene," anatero, "nditadzuka n'kumva chubu chija pakhosi, ndinati, eya, ichi n'chimene amayi aja ananena. Ndikanapanda kudziwa, ndikanayesa ndikufa."

Iye analemba mafunso ake m'kope, ndipo amalume ake amene anamuperekeza ankawawerenga pamaso pa dokotala, chifukwa munthu wamantha amaiwala zimene amafuna kufunsa, ndipo amamva theka la zimene wauzidwa. Usiku womaliza tulo sitinabwere. Anauza namwino, anamupatsa kapiritsi komukhazika mtima pansi, anaimbira mayi ake lamya, anapemphera ndi amalume ake, ndipo anagona akupuma pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, kukoka mpweya ndi mphuno, kuutulutsa mochedwa ndi pakamwa. Mmawa anakwera pa kabedi ka matayala akunjenjemerabe. Lero amasoka zovala pamsika.

Masabata odikira amatalika kwa munthu amene wangokhala, ndipo ntchito yoti agwire ilipo yambiri. Mano obooka ndi nkhama zotupa ziyenera kuchiritsidwa kaye, chifukwa tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi timakonda kukakhala pa valavu yatsopano, ndipo ndi matenda oopsa. Dokotala wotumiza munthu wa mtima kukazula dzino sakumuzunguza. Kuno kwathu malungo satha, choncho kugona m'neti ndi kuyezetsa thupi likangotentha n'kofunika, pakuti malungo amachepetsa magazi ndipo angachititse kuti tsiku lisunthidwe. Fodya ndi kachasu zisiyidwe. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga anene poyera ndi kupitiriza kumwa monga alangizidwira, ndipo mankhwala onse, a zitsamba omwe, aonetsedwe kwa dokotala. Kabuku ka kuchipatala ndi mapepala a echo zikhale m'pulasitiki, pamwamba, pamene madzi safika. Ndipo chikalata chovomereza opaleshoni chisasainidwe munthu asanamve m'chilankhulo chake chimene chalembedwa.

Kukonzekera kwina n'kwa pakhomo, ndipo n'kumene kumachotsa mantha a amayi ambiri. Fupa la pachifuwa amalimanga ndi mawaya, ndipo limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Nthawi yonseyo, ndipo mwina mpaka miyezi itatu, palibe kusenza chigubu cha malita 20, palibe khasu, palibe munsi, palibe kubereka mwana kumbuyo, palibe kupalasa kabaza. Banja likhale pansi lisanafike tsiku: adzatunga madzi ndani, adzapalira mapira ndani, ana adzagona kwa yani. Mwini mbumba, apongozi, amayi a kumpingo, a banki m'khonde, aliyense atenge mbali yake. Wodwala amene wamva ndi makutu ake kuti ana ake ali m'manja mwa uje amagona tulo tina.

Pali funso limodzi limene munthu wa kuchigwa kuno sayenera kulisiyira dokotala yekha, chifukwa dokotala wa ku India sadziwa kutalika kwa ulendo wochoka ku Marka kapena ku Makhanga nthawi ya dzinja. Nthawi zina valavu imatheka kukonzedwa, ndipo ngati yangopanikizika popanda kudontha, ena amaitsegula ndi kachibaluni kolowetsedwa mumtsempha wa pantchafu, chifuwa osang'ambidwa. Koma ikafunika kusinthidwa, mitundu ilipo iwiri. Yachitsulo imakhalitsa, mwina moyo wonse, koma mwini wake amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse mpaka kalekale, ndi kuyezetsa magazi kawirikawiri, muyeso wotchedwa INR. Mankhwala akachepa, magazi amaundana pa valavu. Akachuluka, munthu amataya magazi. Warfarin angathenso kuvulaza mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Valavu yopangidwa ndi minofu ya ng'ombe kapena nkhumba kawirikawiri sifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa apo, kutanthauza opaleshoni yachiwiri. Mtsikana amene akufunabe ana, kapena munthu amene chipembedzo chake chimakana nkhumba, anene zimenezi asanakwere ndege. Afunsenso kuti INR adzayezetsa kuti: pa boma ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Trinity ku Muona, ku Montfort ku Nchalo, kapena mpaka ku Blantyre? Nanga msewu ukaduka, mankhwala osungira adzakhala nawo a masabata angati?

Wa warfarin saletsedwa ndiwo zamasamba, monga ena amanenera. Nkhwani, bonongwe, kholowa ndi chamwamba zili ndi vitamini K amene amafooketsa mankhwalawa, choncho chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata, osati mbale zodzadza dzinja kenako osalawa chilimwe, dokotala osadziwa. Bactrim amawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala a TB amaichepetsa, ndipo aspirin, brufen ndi diclofenac ogula pamsika angayambitse kutaya magazi m'mimba. Mphini zisayandikirenso thupi limenelo. Jakisoni wa penisilini amapitirira ngakhale valavu itasinthidwa, chifukwa mavalavu ena atatu a mtima akadali pangozi. Zonsezi zikumveka zambiri, koma mnyamata wa ku Bangula uja amazisunga m'kakope kamodzi, ndipo akuti chovuta chinali miyezi yoyamba yokha.

Inu amene mwana wanu akudandaula pakhosi thupi likutentha, musamalize nkhani ndi panado. Pitani naye kuchipatala akamuone, ndipo ngati ululu ukusamuka m'mawondo ndi m'zigongono, nenani zimenezo momveka. Inu amene muli pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi, musadumphitse ngakhale mukupeza bwino. Ndipo inu amene dzina lanu latuluka, koma m'mimba mukuti thii usiku uliwonse, uzani munthu mmodzi lero chimene chikukuopsani. Tengani kalatayo, tengani munthuyo, mupite kuchipatala sabata ino, mukafunse mafunso anu onse mpaka mutamva.